Dzina Langa M'kamwa mwa Agogo

Pa ubatizo anandipatsa dzina loti James, koma agogo anga aakazi, amene anandilera kwathu ku Nchema m'boma la Chiradzulu, sanalitchulepo choncho. Kwa iwo ndinali Jemusi. Nditafika sitandade 7 ndinayamba kuchita nalo manyazi. Tsiku lina anabwera kusukulu kudzandipatsa chimanga chokazinga, nandiitana pamaso pa anzanga, ndipo onse anafa nalo phwete. Madzulo ake ndinawauza mwamwano kuti dzina langa limathera pa s, lilibe mchira. Agogo anayesa kawiri konse, koma i uja anatulukabe. Kenaka anangoti, "Pepani bambo, lilime langali ndi lakale," napitiriza kupeta mphale.

Zimenezi ndinadzazikumbukira ku yunivesite ku Zomba, pamene tinkaphunzira kalembedwe ka anthu a mtundu wa Cree a ku Canada. Mabuku amati anakayambitsa ndi mmishonale James Evans ku Norway House m'chaka cha 1840. M'kalembedweka chizindikiro chimodzi chimaimira phatikizo lonse, ndipo chikatembenuzidwa, lembo la liwu limasintha. Koma mawu awo ambiri amathera ndi lembo lopanda liwu, monga atim, kutanthauza galu. Choncho lamulo lawo ndi lakuti m wotsirizayo alembedwe ndi kachizindikiro kakang'ono kokwezedwa m'mwamba. Akuvuma amangochepetsa chizindikiro cha ma, pomwe akuzambwe ali ndi tizizindikiro tapadera.

Aphunzitsi atatifunsa ngati Chichewa chingasowe tizizindikiro totere, tonse tinakana, chifukwa mawu athu amathera ndi lembo la liwu. Ndiye chifukwa chake timati buku, sukulu, supuni ndi tebulo. Ngakhale Johannesburg, kumene amalume ankagwira ntchito, tinamufupikitsa kukhala Joni. Ndikulemba zitsanzozi m'kope, dzanja langa linaonjezera lokha dzina lija: Jemusi. Apa mpamene ndinazindikira kuti agogo, amene sanapondepo m'kalasi, ankatsata lamulo lomwe ine ndinkalipirira fizi kuti ndiliphunzire.

Ndinaganiza zodzawapepesa pa tchuthi, koma uthenga wa maliro awo unandipeza teremu isanathe. Nditafika pasiwa, ndinamva amayi akunong'onezana kuti, "Jemusi wafika." Palibe amene ndinamukonza.

Pa ziphaso zanga mpaka lero pali James. Koma ndikatsika minibasi kwathu, wina nandikuwira ndi i wa agogo uja, ndimavomera kuti, "Wawa!"