Letesi womera pa miyala kuseri kwa nyumba ku Dowa

Chithunzi chinabwera pa WhatsApp Lachinayi usiku. Panali mgolo wabuluu wodulidwa pakati, wodzaza ndi miyala, ndipo pamwamba pa miyalayo panali masamba obiriwira bwino ngati a mu shopu ya ku Area 47. M'munsi mwake msuweni wanga analemba kuti: "Asuweni, bwerani mudzaone dimba lopanda dothi. Mubwere ndi juzi, kuno si ku Lilongwe."

Lolemba lotsatira ndinali mu minibasi. Msewu wa M1 umakudutsitsa pa Kanengo ndi pa Lumbadzi, kenako umakhotera kumanja pa Dowa Turn-off. Kuchokera pamenepo dziko limayamba kukwera. Minda ya chimanga inali itakololedwa kale, mapesi ali mbwee, zigafa za fodya zili pululu. Unali mwezi wa Julaye, ndipo mphepo yolowa pa windo losatsekeka bwino inandikumbutsa kuti juzi ija ndinaiwala pa bedi.

Musanafike pa boma mumadutsa pa Dzaleka. Nthawi ya Kamuzu pamalopa panali ndende ya anthu omangidwa pa zifukwa za ndale, ndipo anthu amati dzinali linachokera ku mawu oti "ndidzaleka". Kuyambira mu 1994 pakhala anthu othawa nkhondo, ambiri ochokera ku DRC, Burundi ndi Rwanda, ena ku Ethiopia ndi Somalia. Malo amene anakonzedwera anthu pafupifupi 10,000 lero akusunga anthu opitirira 50,000. Minibasi ikaima pamenepo umamva Chiswahili, Chifalansa ndi Chichewa zikusakanikirana, fungo la chapati likulowa mpaka m'kati. Sungani dzina la malowa, tibwererako.

Nyumba ya azakhali ili pa mtunda pang'ono, kunja kwa boma. Kukacha bwino umaona mapiri atandandalikana kulowera chakumpoto, mbali ya ku Ntchisi kumene kuli nkhalango yotchuka ija. Malo ndi okongola koma poloti ndi yaing'ono, nthaka yake ndi yamiyala, ndipo chitsime cha pafupi chimayamba kuvuta mwezi wa Okutobala ukamafika. Dimba la kudambo linagawidwa kalekale pakati pa amalume. Msuweni wanga, amene anamaliza dipuloma zaka ziwiri zapitazo ndipo makalata ofunsira ntchito watumiza mpaka kutopa, analibe polima. Anali ndi foni, bando ya usiku, ndi kampata ka pakati pa khitchini ndi mpanda.

Pa kampata kameneka ndi pamene pali dimba lake. Mgolo umodzi wa malita 200 waimirira, ndipo m'kati muli nsomba za makumba. Mgolo wachiwiri anaudula pakati m'litali, nkukhazika zidutswa ziwirizo pa thandala la matabwa, chilichonse chodzaza ndi miyala ya kwale yaing'onoing'ono. Kapampu kakang'ono kamakoka madzi a nsomba kupita ku miyala, madziwo amadutsa m'mizu ya letesi, kenako amabwerera ku nsomba kudzera mu paipi. Tsiku lonse umangomva madzi akuti chuchuchu. Ulimi umenewu amautcha aquaponics.

Mmene zimayendera n'zosavuta kumva. Nsomba zikadya zimatulutsa ndowe komanso mchere wina wotchedwa ammonia, umene ukachuluka m'madzi umazipha. Pa miyala ija pamakhala mabakiteriya, tizilombo tosaoneka ndi maso, amene amasandutsa ammonia kukhala nitrite, ndipo ena amasandutsa nitrite kukhala nitrate. Nitrate ndi chakudya cha mbewu, chimene alimi timachifuna mu feteleza. Letesi akamayamwa chakudyacho madzi amayera, nkubwerera ku nsomba ali abwino. Nsomba zimadyetsa letesi, letesi amasefera nsomba madzi, ndipo munthu amangothiramo madzi pang'ono olowa m'malo mwa amene auma ndi dzuwa.

Pa foni zimaoneka zophweka choncho. Msuweni wanga anandikhazika pa njerwa nkundiwerengera maliro.

Ulendo woyamba anathira madzi a pampopi m'mawa, madzulo nkuponyamo tiana ta nsomba 30. Ankatidyetsa katatu pa tsiku ngati nkhuku zoti zigulitsidwe pa Khirisimasi. Sabata isanathe tonse tinayandama, mimba kumwamba. Analakwitsa zinthu zitatu nthawi imodzi. Madzi a pampopi amakhala ndi klorini, ndiye amafunika kukhala kaye mu ndowa yosavundikira tsiku limodzi kapena awiri. Mabakiteriya aja sabwera lero ndi lero. Pamatenga masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi kuti achuluke pa miyala, ndipo nthawi imeneyo umayenera kuyamba ndi nsomba zochepa kwambiri. Chachitatu, chakudya chotsala chikamaola pansi pa mgolo chimawonjezera poizoni yemweyo.

Ndalama zogulira migolo, pampu ndi nsombazo sizinali zake. Azakhali anakatenga ku banki m'khonde m'dzina lawo. "Tsiku limenelo amayi sanandikalipire," anatero. "Anangoyang'ana mu mgolo, nkufunsa ngati zakufazo zingadyeke. Bola akanandikalipira, asuweni."

Ulendo wachiwiri zinayenda bwino kwa miyezi iwiri, mpaka usiku wina magetsi anazima madzulo osabweranso. Pampu ikaima madzi sazungulira, mpweya umachepa, ndipo mu mgolo waung'ono ngati uwu nsomba sizipirira nthawi yaitali. Anadzuka pakati pa usiku nkupeza zikupuma pamwamba, kukamwa kuli yasaa. Iye ndi azakhali anachezera kutunga madzi ndi jagi nkumawathira kuchokera m'mwamba, mosinthana, mpaka kunja kunayera. Zinafa zinayi. Mwezi wotsatira anagulitsa foni yake yabwino ija, nkugula yotsika mtengo, kasola kamodzi ndi batire. Pano pampu yake ndi ya 12V, sidaliranso magetsi a m'nyumba.

Kenako letesi anayamba kuchita chikasu, makamaka masamba atsopano. Apa vuto linali miyala. Miyala ina imakhala ndi laimu, ndipo laimu amakweza pH ya madzi. Ikakwera kwambiri mbewu zimalephera kuyamwa ayironi ngakhale alimo. Mu aquaponics pH imafunika kukhala pakati pa 6 ndi 7. Njira yoyesera miyala ndi ya kukhitchini: kuthira vinega pa timiyala tingapo. Tikachita thovu, musagwiritse ntchito. Anakhuthula zonse, nkukasankha kwale wina, nkumutsuka mpaka madzi osatulukanso fumbi.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi nkhani ya nyengo, chifukwa ndi pamene Dowa weniweni amalowerera. Letesi amakonda kozizira. Juni ndi Julaye wa kumapiri kuno ndi nthawi yake. Masamba amakula otambalala, osawawa. Koma makumba ndi nsomba za madzi ofunda. Madzi akazizira kutsika pa madigiri 20 zimachepetsa kudya, kukula kumaima, ndipo zikapanda kudya letesi amasowanso chakudya. Ikafika Okutobala zinthu zimatembenuka: nsomba zimadya mwa dyera, letesi amathamangira kutulutsa mtengo wa maluwa nkuyamba kuwawa. M'nyumba imodzi muli alendo awiri, wina akufuna bulangete, wina akufuna windo lotsegula. Msuweni wanga anakulunga mgolo wa nsomba ndi masaka akale a chimanga, usiku amauvundikira, ndipo anaimika kampanda ka udzu mbali yochokera mphepo ya mwera. Nthawi yotentha akuti adzayala neti ya mthunzi pamwamba pa letesi.

Manambala amene amatsatira anawapeza m'buku la bungwe la FAO la mu 2014 lonena za aquaponics ya pakhomo, limene limapezeka ulere pa intaneti. Pa sikweya mita imodzi ya ndiwo zamasamba pamakwana mitu 20 mpaka 25, ndipo nsomba zimafunika kudya magalamu 40 mpaka 50 a chakudya pa tsiku kuti mbewuzo zikhute. Zidutswa zake ziwiri zija pamodzi ndi pafupifupi sikweya mita imodzi. Mbande amafesa mu tireyi ya mazira, nkuziwokera zikakhala ndi masamba atatu kapena anayi, atatsuka dothi lonse ku mizu. Pakatha masabata anayi kapena asanu letesi amakhala wakhwima. Sawokera zonse tsiku limodzi. Amaika zisanu ndi imodzi sabata iliyonse kuti asamasowe chokolola. Mankhwala opopera ndi oletsedwa, chifukwa chimene chagwera pa tsamba chimakathera kwa nsomba. Nsabwe za m'masamba amazichotsa ndi zala.

Za nsomba, iye amaweta za kwathu konkuno. Makumba ndi chilunguni ndi zimene alimi a maiwe ambiri amaweta m'Malawi muno, ndipo mbewu yake ndi bwino kufunsira ku ofesi ya za nsomba ya m'boma lanu. Ku Bunda, pa sukulu ya LUANAR, ndi ku Domasi ku Zomba, ndi kumene kuli akatswiri a ulimi wa nsomba.

Funso limene ndinali nalo kuyambira mu minibasi ndinalifunsa tikudya nsima. Letesi ku Dowa adya ndani? Kuno ndiwo ndi mpiru, repu, tchayinizi, nkhwani, bonongwe. Azakhali anaseka mpaka kutsamwa. "Mwana wanga, ine ndinayesa kumuphika ndi tomato ngati mpiru. Poto yense uja anangosanduka madzi. Ndiwo zanji zothawa moto?"

Yankho ndinaliona Lachiwiri m'mawa. Lachiwiri ndi tsiku la msika waukulu pa Dzaleka, umene amautcha Mardi Marché. Tinakwera kabaza wa njinga yamoto, letesi ali mu beseni atakutidwa ndi nsalu yonyowa. Kumeneko kuli timalesitilanti tambiri, ndipo saladi si chinthu chachilendo pambali pa tchipisi kapena nyama yowotcha. Mayi wina wa lesitilanti anatenga mutu umodzi, anautembenuza, anaona mizu yoyera yopanda dothi, nkulankhula Chichewa chosakaniza ndi Chiswahili kuti atenga yonse isanu ndi umodzi. Anafunsanso ngati sabata yamawa kudzakhala khumi. Msuweni wanga anayankha kuti ayi, idzakhalanso isanu ndi umodzi.

Pobwerera sanabise. Mitu isanu ndi umodzi pa sabata si bizinesi. Ndalama yake imakwana chakudya cha nsomba, kabaza, ndi kachigawo ka ngongole ya azakhali. Sola ndi batire sizinabweze ndalama zake, ndipo nsomba sizinafike pokolola. Amene akufuna phindu la msanga, akuti, alime tomato kudambo akagulitse pa Chezi. Koma iye dambo alibe, ndipo wadutsa miyezi inayi tsopano popanda nsomba kufa. Wayamba kale kufunsa mtengo wa thanki ya malita 1,000, yoyera ya mu chitsulo ija, koma walumbira kuti sagula ngongole yoyamba isanathe.

Ngati nanunso muli ndi kampata kuseri kwa nyumba ndipo mukuganiza zoyesa, malangizo ake ndi achidule: yambani ndi mgolo umodzi, nsomba zochepa, ndipo ganizirani za magetsi musanagule nsomba, osati zitayamba kupuma pamwamba.

Ndinanyamuka Lachitatu m'mawa nditavala juzi ya msuweni wanga. Azakhali anali kuseri kwa khitchini atagwira kasupuni, akuyeza chakudya cha nsomba. Anandiuza kuti Lachisanu kuli msonkhano wa banki m'khonde, ndipo kwatsala zigawo zitatu.