Ulendo wa ku Nkhoma Kukasiya Mwana pa Sukulu ya Anamwino

Tinadzuka tambala woyamba asanalire, pakuti minibasi ya m'mamawa siyembekeza munthu. Katundu anali atamangidwa kale dzulo lake: sutikesi imodzi, ndowa ziwiri, bulangete lochindikala, ndi kathumba ka mtedza wokazinga ndi chiponde zimene amake ana anakonza usiku. Mwini wake wa katunduyo, mwana wathu wamkazi wachitatu kubadwa, anangokhala pakhonde ali duu, manja ali m'chitenje. Tsikulo ndi limene analiyembekeza zaka ziwiri, koma litafika, nkhope yake inali ya munthu amene akupita kukayankha mlandu kwa a mfumu.

Talemba za ulendowu chifukwa makolo ambiri, pamene tikutuluka m'tchalitchi kapena tikakumana pa msonkhano wa makolo kusukulu, amatifunsa kuti, "Kodi aphunzitsi, mwana wanu uja analowa bwanji ku unamwino?" Tsono tati tifotokoze zonse, zokoma ndi zowawa zomwe, kuti amene ali ndi ana a mtima womwewo adziwe njira yake.

Mwanayu analemba mayeso a Fomu 4 m'chaka cha 2022. Anakhoza bwino Chingerezi ndi maphunziro a sayansi, koma masamu anapeza 7. Awerengi amene ali ndi ana kusekondale akudziwa kuti pa mayeso amenewa, 1 ndi 2 ndiko kukhoza koposa, 3 kufikira 6 ndiyo kirediti, 7 ndi 8 ndiko kungodutsa, ndipo 9 ndiko kulephera. Sukulu za anamwino zimayang'ana makirediti, makamaka m'maphunziro a sayansi, Chingerezi ndi masamu. Kotero 7 ameneyo anatseka khomo. Ife, pokhala kuti tagwira choko zaka zoposa makumi atatu, tinamuuza kuti ayese za uphunzitsi, ntchito imene yatidyetsa ife ndi kuphunzitsa abale ake. Iye anagwada nati, "Bambo, ndikumva, koma ndiloleni ndibwereze masamu."

Chimene chinaumitsa mtima wake tinali kuchidziwa. Ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, amayi ake aang'ono anamwalira pobereka, ali pa ngolo, chipatala chisanaoneke n'komwe. Iye ndiye anatumidwa kukatunga madzi osambitsira maliro. Sanalankhulepo za tsiku limenelo kufikira atakula, koma kuyambira pomwepo mawu oti "mzamba" sanachoke pakamwa pake. Tinamulola. Anabwereza, nalembanso m'chaka cha 2023, napeza 5. Anapempha malo ku sukulu ina, anamuitana ku mayeso apakamwa, koma dzina lake silinatuluke. Analira masiku awiri, kenaka anatenga khasu n'kupita kudimba. Akulu akale ananena zoona kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, pakuti chaka chotsatira kalata yomuitana ku Nkhoma inafika.

Pano tichenjeze makolo anzathu. Pa miyezi yodikira ija, munthu wina wosadziwika anatiimbira foni, natchula dzina la mwana wathu bwinobwino, nati akhoza kumupezera malo tikatumiza ndalama pa foni yake tsiku lomwelo. Mtima wa kholo ndi wofewa, ndipo tivomereze kuti tinagona tikuganizira. M'mawa mwake amake ana anati, "Abambo, malo ogula ndi ndalama za mseri adzatsukiranso odwala mwa mseri." Sitinatumize kanthu, ndipo munthuyo sanaimbenso. Sukulu zoona zimalengeza poyera nthawi yolembera, ndipo ndalama zake zimalipidwa mwa njira yolembedwa m'kalata, risiti n'kuperekedwa.

Kalata itafika, chimwemwe chinakhala cha tsiku limodzi, pakuti tsiku lachiwiri tinayamba kuwerengera fizi. Malipiro a mphunzitsi wa pulayimale amadziwika ndi aliyense. Tinagulitsa mbuzi zitatu ndi matumba a soya amene tinasungira feteleza, amalume ake anaonjezapo, ndipo amayi a Chigwirizano anabwera madzulo ena ndi nsalu ziwiri zoyala pabedi ndi sopo. Mutu umodzi susenza denga. Za teremu yachiwiri sitikudziwa bwino kumene zidzachokera, koma mizere tapanga kale ndipo mbewu ili m'nyumba.

Amene anatithandiza koposa ndi mayi wina wachikulire wa mumpingo mwathu, amene anagwira ntchito ya unamwino kufikira kupuma. Anamuitana mwanayu kunyumba kwawo masabata atatu otsatizana. Anamuuza kuti agule nsapato zotseka zala, zosagogoda, pakuti namwino amaima tsiku lonse ndipo odwala safuna phokoso. Anamuuza kuti apeze wotchi yokhala ndi muvi wa masekondi, namuphunzitsa kugwira pamkono ndi zala ziwiri kuti awerenge kugunda kwa mtima. Munthu wamkulu amene wapuma, mtima wake umagunda pakati pa ka 60 ndi ka 100 pa mphindi imodzi, amapuma pakati pa ka 12 ndi ka 20, ndipo kutentha kwa thupi lake kumakhala pafupi ndi madigiri 37. Kuyambira pamenepo panalibe mlendo wolowa m'nyumba mwathu amene anatuluka osagwidwa pamkono.

Mayiyo anamuchenjezanso kuti asayembekeze kugwira jakisoni sabata yoyamba. Anati miyezi yoyamba ndi ya mabuku ndi kuloweza: mafupa 206 a munthu wamkulu ndi maina ake achilendo, kayendedwe ka magazi, ntchito ya impso ndi chiwindi, ndi tizilombo toyambitsa matenda. Pambali pa izi pali ntchito zimene ena amaziyesa zonyozeka, monga kusamba m'manja moyenera, kuyala bedi wodwala ali pomwepo, kusambitsa munthu wosatha kudzuka, kumutembenuza kuti asachite zilonda zapamsana, ndi kutaya zonyansa zake osakwinya nkhope. Ophunzira amayamba kuyeserera pa zidole zazikulu ngati munthu, ndipo pambuyo pake ndi pamene amalowa m'mawodi. "Mwana wanga," anatero mayiwo, "amene amabwerera kwawo teremu yoyamba si opusa ayi. Ndi amene anabwera chifukwa cha yunifolomu."

Tinakwera minibasi pa Mponela dzuwa likungosuzumira. Tinadutsa Lumbadzi ndi Kanengo, ndipo pofika ku depoti ya ku Lilongwe, anyamata oitanira anali atagwira kale sutikesi, wina kukokera uku, wina uko. Titapeza minibasi ya ku Nkhoma, tinatsata msewu wa M1 wolowera ku Dedza ndi ku Blantyre, kudutsa mphambano ya ku Bunda, Nanjiri ndi Nathenje, kumene amayi ogulitsa tomato ndi anyezi anazinga mazenera. Pa Kamphata galimoto inapatukira kumanzere. Kuchokera pamenepo ndi makilomita ngati 15, ndipo ulendo wonse kuchokera ku Lilongwe ndi makilomita ngati 50.

Ndi panjira imeneyi pamene phiri la Nkhoma limayamba kulamulira maso. Limaima pamwamba pa minda ndi midzi, mutu wake uli thanthwe lotuwa, ndipo msewu ukamakhotakhota, limaoneka ngati likusuntha, mwina kumanja, mwina kutsogolo. Kunali chilimwe, udzu utapsa, anthu akugalauza minda kudikira mvula. M'minibasimo munali agogo ena omangidwa nsalu m'maso, akuperekezedwa ndi mdzukulu wawo, pakuti chipatala cha Nkhoma chinatchuka kuyambira kale pa matenda a maso, makamaka kuchotsa ng'ala. Munalinso mayi wina woyembekezera, atanyamula mbaula, mphika ndi mtolo wa nkhuni. Tinaona mwana wathu akuwayang'ana mobisa, ndipo pamene galimoto inagwedezeka, anatambasula dzanja n'kugwiriza mphika uja kuti usagwe.

Phiri limeneli lili ndi mbiri yake. M'masiku a nkhondo za Angoni, anthu a mfumu Mazengera anathawira pamwamba pake, namakhala pakati pa matanthwe. Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa anayamba ntchito yawo ku Mvera m'chaka cha 1889, motsogozedwa ndi abusa Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok, ndipo m'chaka cha 1896 anadzakhazika mishoni patsinde pa phirili, m'dziko la Mazengera. Pambuyo pake likulu la mishoni linachoka ku Mvera kudza kuno. Chipatala chinayamba m'chaka cha 1915. Mbusa William Murray, amene anatsogolera ntchito yomasulira Buku Lopatulika, dzina lake lili pa sukulu ya sekondale ya pomwepa, ndipo abusa amaphunzira pa sukulu yotchedwa ndi dzina la mbusa Josophat Mwale. Munthu akamayenda pakati pa nyumba zakale za njerwa zofiira ndi mitengo ikuluikulu yamthunzi, amamva kuti akuponda pamene anaponda ambiri. Malo amene anthu anathawirako poopa mikondo, lero akuthamangirako pofuna kuchira.

Sukulu ya anamwino ndi azamba ili pafupi ndi chipatala, kotero kuti wophunzira akatuluka m'kalasi, odwala enieni ali pomwepo. Ndi imodzi mwa sukulu za zipatala za mipingo zimene zili pansi pa bungwe la CHAM, limene linayamba m'chaka cha 1966. Zinzake ndi monga Ekwendeni, St John's ku Mzuzu, St Luke's ku Malosa, Mulanje Mission, Malamulo ku Thyolo, Holy Family ku Phalombe, St Joseph's ku Nguludi ndi Trinity ku Nsanje. Boma nalonso lili ndi zake: Malawi College of Health Sciences, ndi Kamuzu College of Nursing imene inayamba m'chaka cha 1979, niphatikizana ndi College of Medicine m'chaka cha 2021 kupanga yunivesite ya KUHeS. Makolo adziwenso ichi: ngakhale mwana atamaliza zaka zitatu za dipoloma, sangagwire ntchito kufikira atakhoza mayeso a bungwe loona za anamwino ndi azamba, la Nurses and Midwives Council of Malawi, nalembedwa m'kaundula wake. Musanalipire kanthu ku sukulu iliyonse, yambani mwafunsa ngati bungwe limeneli limaizindikira.

Titatsika, mphepo ya pa Nkhoma inatilonjera, ndipo tinayamika amake ana chifukwa cha bulangete lija, pakuti malowa ndi okwera ndipo usiku kumazizira. Tinapeza makolo ena atafika kale, ena pa magalimoto awoawo, ena ngati ife, fumbi lili m'mapazi. Panalinso anyamata angapo, chifukwa unamwino masiku ano suli wa atsikana okha. Tinaima pa mzere, tinaonetsa makalata ndi risiti, dzina linapezeka, ndipo pamene cholembera chinachonga pa dzinalo, tinapuma mpweya umene tinausunga zaka ziwiri.

Amake analowa naye kumalo ogona kukayala bedi ndi kupachika neti. Ife tinatsala panja, ndipo tinayendayenda kufikira tinafika pafupi ndi chitando, kumene odikirira odwala amaphikira. Utsi unali tolotolo, miphika ili m'mizere pa mafuwa, amayi ena akuseka, ena atangogwira tsaya. Tinaima pamenepo nthawi ndithu. Tinaganiza kuti aliyense wa anthu amenewa wasiya munda, ana ndi ziweto, ndipo usiku uno adzagona pansi, makutu ali ku wodi, kudikira mawu a namwino. Mawu amenewo akakhala aukali, amawawa kuposa matenda. Akakhala ofatsa, munthu amapirira ngakhale uthenga woipa. Pamenepo tinachita manyazi pokumbukira kuti tinafuna kumupatutsa mwanayu kuti atsate ntchito yathu.

Nthawi yotsazikana itakwana, anatiperekeza kufikira pamsika pamene minibasi zimaima. Ali m'njira anati chapansipansi, "Bambo, nanga ndikakomoka poona magazi? Nanga ndikalephera, mbuzi zija zitapita kale?" Tinalibe yankho la nzeru. Tinangoti, "Mwana wanga, masamu unagwa n'kudzuka. Ukakomoka adzakuthira madzi, udzadzukanso. Za mbuzi usiye kwa ife. Iwe ukawerenge tsiku lililonse, usadikire mayeso, ukasankhe bwino anzako, ndipo wodwala aliyense ukamuone ngati mayi ako aang'ono aja." Amake anamukonza kolala ya bulauzi imene inali yokonzeka kale, namupatira kandalama m'dzanja. Tinapemphera mwachidule pambali pa msewu, kondakitala akumenya chitseko kutifulumiza.

Pobwerera sitinalankhulane kufikira pa Kamphata. Phiri linatsalira kumbuyo, likucheperachepera, ndipo amake ana anali kutembenuka kawirikawiri mpaka linabisika. Tinafika kwathu kutada, nyumba ili zii, ndowa imene mwanayu ankatungira madzi palibe.

Patapita masabata atatu foni inalira madzulo. Anati maina a mafupa ndi ovuta kuposa mmene anamuuzira, kuti amagona mochedwa, ndi kuti chiponde chinatha sabata yoyamba chifukwa anzake a m'chipinda ndi ambiri. Kenaka anafunsa ngati amake akumwa mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi pa nthawi yake, natilamula kuti tiziwakumbutsa m'mawa uliwonse. Tinayankha kuti, "Chabwino, anamwino, tamva." Teremu isanathe tidzapitanso ku Nkhoma ndi chiponde china, ndipo soya wa chaka chino tamulonjeza kale kwa mwini wake.