Mlonda wa pa Depo Yathu

Caka ciri conse mwezi wa Julaye ukafika, ndikaona ngolo za ng'ombe ziri pa mzere kunka ku depo ndi matumba a cimanga, mtima wanga umabwerera ku caka ca 1984, pamene ndinalembedwa nchito ya ukalaliki pa depo ina yaing'ono m'boma la Katete. Ndinali mnyamata wongocoka kumene pa sukulu, wonyadira bolopeni ya m'thumba la malaya. Masiku amenewo thumba la cimanga linali la makilogramu 90, osati 50 monga lero, ndipo mlimi anali kugulitsa mbeu zace ku Namboard kapena ku makoparetivu. Namboard inathetsedwa mu 1989, ndipo lamulo lokhazikitsa Food Reserve Agency linadza mu 1995. Maina asintha, koma mulu wa cimanga ukali kugona panja usiku, ndipo pakali kufunika munthu wosagona pambali pace.

Mlonda wathu anali mkulu wa imvi amene pa unyamata wace anagwirako nchito ku migodi ya ku Luanshya. Tonse tinali kuwaitana kuti Agogo. Zida zao zinali zocepa: nyali ya parafini, cibonga, cikhoto cokhuthala ca nyengo ya cisanu, ndi khasu lakale la pulawo limene analipacika pa mtengo kuti aziliimba monga belu pakagwa zoopsa. Mfuti analibe. Kulemba sanali kudziwa, koma matumba anali kuwawerenga ndi maso msanga kuposa ine ndi buku langa.

Cimene cinandiseketsa poyamba ndi ici. Madzulo ali onse, anchito atawerukako, Agogo anali kutenga nthambi ya masamba ndi kusesa pansi kuzungulira mulu wonse kufikira dothi litasalala. Ine ndinayesa ndi ukhondo wa ukalamba cabe. Tsiku lina anandiitana m'mamawa nati, "A Kalaliki, bwerani muwerenge buku langa." Pa dothi paja panali mapazi a khoswe, a galu, ndi a nkhuku imene inalawirira. Phazi la munthu panalibe. Ndipo ndinazindikira kuti ali yense woyandikira mulu usiku anayenera kusiya dzina lace pansi, afune asafune.

Anali ndi malamulo enanso amene palibe anawalembera. Mwezi wa Ogasiti usanafike, udzu usanaumitsitse, anali kulambula mkwasa waukuru kunja kwa mpanda, makamaka mbali imene mphepo imacokera, cifukwa moto wa anyamata osaka mbewa sudziwa kuti ici n'cimanga ca Boma kapena ca mlimi. Mbaula yao yoothera anali kuiika kutali ndi matenti ophimbira matumba. Wosuta fodya anali kumuonetsa njira ya kunja. Lole yofika dzuwa litalowa inali kugona kunja kwa cipata kufikira kuca, ngakhale dalaivala alalate motani. Pakuti, iwo anati, mu mdima thumba limodzi limaoneka ngati palibe, ndipo awiri amaoneka ngati limodzi. Madalaivala anali kuwada pa cifukwa cimeneci. Alimi anali kuwakonda.

Tsono kumbuyo kwa depo, kumene kunali kanjira kotsikira ku dambo, ciswe cinadya mitengo itatu ya mpanda. Waya anagwera pansi, ndipo mbuzi za m'mudzi zinayamba kulowera pomwepo kudzatola cimanga cotayika. Agogo anandiuza za ici mwezi wa Seputembala. Anandiuzanso patapita masabata awiri, nandigwira dzanja kukandionetsa. Kacitatu anati, "Mwana wanga, pamene palowa mbuzi, mwini mbuzi waonapo." Nchito yanga inali yaing'ono: kulemba kalata kwa akulu a ku ofesi kupempha waya ndi misomali, kapena kungouza komiti ya alimi kuti idule mitengo. Ndinati ndidzalemba mawa. Sikelo inali kundicurukira, alimi anali kufuna malisiti ao, ndipo, kunena zoona, ndinali kuona ngati nkhani ya mpanda ndi yocepera munthu wophunzira.

Mvula yoyamba inagwa usiku wina mu Novembala, malole asanathe kututa. Inadza ndi cimphepo cimene cinakanganula tenti ya mulu wa kutsogolo. Agogo anasiya nyali nakwera pamwamba okha, nalimbana ndi zingwe kuti madzi asalowe m'matumba, popeza cimanga cikanyowa cimaola ndi kumera, ndipo cuma ca midzi yambiri cikanatha usiku umodzi. Pamene iwo anali kutsogolo, anthu ena anali kumbuyo. Kutaca tinapeza matumba 9 palibe. Mvula inafafaniza buku la Agogo. Panangotsala mkukuluzi wa matayala a ngolo kunka ku dambo, umene unatayika m'madzi.

Patapita masiku awiri akulu a ku ofesi anafika pa galimoto pamodzi ndi wapolisi. Funso lao linali limodzi: mlonda anali kuti? Mwina anagona, mwina anagwirizana ndi mbala. Agogo anafotokoza za tenti ndi za mpanda, nati ananena katatu. Mkulu wina anatsegula mabuku anga nafunsa kuti lipoti limenelo liri pati. Panalibe. Agogo anandiyang'ana kamodzi kokha, osanena kanthu, kenaka anayang'ana pansi. Ine ndinakhala cete. Anauzidwa kuti atule cikhoto ndi nyali, adikire kalata.

Owerenga, pa zaka zonse zimene ndakhala ndi moyo sindinaonenso usiku wautali ngati umenewo. Amai anaona kuti nsima sindinaikhudze, ndipo nditawauza zonse sanandikalipire. Anangofunsa kuti, "Nanga adzukulu amene mkuluyo akulera adzadya ciani?" Ndinadziwa kuti ali nao anai, ana a mwana wao wamkazi amene anamwalira.

M'mawa mwace ndinakwera njinga kunka ku boma, ndipo ndinanena pamaso pa akulu kuti mlonda anandicenjeza katatu, koma ine sindinalembe. Anandidula malipiro ndi kundipatsa kalata ya cenjezo, ndipo anayenera kutero. Agogo anabwezedwa pa nchito sabata lomwelo. Za mlanduwo sanaichulenso kwa ine kufikira imfa yao. Anangonditenga kunka kwa a Mfumu, amene analamula mudzi uli wonse wogulitsira pa depoyo kuti ubweretse mitengo ya muwanga, umene ciswe siciugonjetsa msanga. Tinaimika mpanda watsopano m'masiku atatu, ndipo kunja kwace tinabzala khonje ndi nkhadze. Ine ndinagula kabuku ka mtengo wocepa m'sitolo, ndipo m'mawa muli monse, ndisanakhudze sikelo, ndinali kukhala pansi ndi kulemba mau a mlonda, ngakhale atakhala akuti usiku wapita bwino. Iwo anali kudinda cala pansi pace.

Lero zinthu zofuna kulondera m'midzi mwathu zacuruka. Masukulu ali ndi makompyuta, zipatala zazing'ono ziri ndi mapanelo a sola pa denga ndi mafiriji osungira katemera, pa mijigo ina pali mapampu a mtengo wapatali. Alonda ena ali ndi matoci owala ndi mafoni a m'manja, zimene Agogo sanazione. Koma ndikamayenda ndimaonabe zipata zomangidwa ndi luzi, loko mmodzi wa makiyi asanu amene palibe adziwa ali kwa yani, ndiponso mlonda wokhala miyezi osalandira kanthu pamene komiti ikudabwa kuti bwanji akuodzera. Mwezi wathawu, pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi pa sukulu ya kwathu, tinakambirana za kugula mpira ndi mayunifomu a timu kwa maola awiri. Mlonda wa sukuluyo anali cikhalire kumbuyo pa njerwa, cipewa ciri m'manja. Ndinapempha a Wapampando kuti tisanatseke, ayambe aitana mkuluyo kutsogolo atiuze za zenera la kalasi ya makompyuta limene ndinamva kuti wakhala akulinena ciyambire Epulo.