Wokonza Matochi a Agemu

Ntchito yanga ndi yokonza zamagetsi zing'onozing'ono pa Nchalo: mawailesi, mafoni, mababu a sola. Koma pali kantchito kena kamene anthu ambiri sadziwa kuti kalipo, kokonza matochi omangirira pamfuti. Amene amandibweretsera ndi anthu ogwira ntchito usiku: agemu, alonda, ndi alenje aboma amene amaitanidwa mvuu kapena ng'ona ikavuta kumudzi. Mfutiyo ine sindiigwira. Ndilibe chilolezo chake, ndipo patebulo langa si malo ake. Imatsala komwe imasungidwa. Chimene chimandipeza ndi tochi, chomangira chake, kachingwe ka switchi, mwinanso makina oonera mumdima atakulungidwa m'sokosi.

Mlendo angadabwe kuti zida zotere zikudzatani kuno kwa alimi a thonje, mapira ndi nzimbe. Tazunguliridwa ndi nyama. Kumtunda, cha ku mathithi a Kapichira, kuli Majete, nkhalango ya masikweya kilomita pafupifupi 700. Inatetezedwa mu 1955, koma pofika 1992 njovu zonse zinali zitatha. Mu 2003 boma linagwirizana ndi African Parks kuti aziyendetsa nkhalangoyi. Zipembere zinabwera chaka chomwecho, njovu mu 2006, mikango mu 2012. Kuseri kwa minda ya nzimbe kuli Lengwe, kwawo kwa boo ndi njati. Ku Nsanje kuli Mwabvi. Ndiye pali dambo la Elephant Marsh, kumene Shire amamwazikana m'mabango, mvuu ndi ng'ona zili mbwee. Mvuu imatuluka usiku kukadya m'madimba. Wotchera misampha ya waya ndi wa mfuti ya gogodela nawonso amayenda usiku. Woteteza nyama, ndiponso woteteza anthu ku nyamazo, tulo amationa masana.

Tochi yapamfuti ndi yaifupi, yokwana m'chikhatho, ya aluminiyamu wokhuthala. Zina zimangotulutsa kuwala koyera basi. Zimene zimandikoka mtima ndi za mababu awiri m'mutu umodzi: mukapotokola mutuwo mbali iyi kukutuluka kuwala koyera, mbali inayo kukutuluka infrared. Diso la munthu limaona kuyambira pa ma nanomita 400 kufika cha pa 700, pamene pali kufiira. Kupitirira apo kuwala kulipo ndithu, ndiko kwa infrared, koma ife sitikuona. Tengani limoti ya TV, muilozetse pa kamera ya foni, mudine batani: pa mafoni ambiri mudzaona kababu kakuthwanima, chonsecho ndi maso palibe kanthu. Umu ndi mmene ndimayesera tochi ikabwera ndi dandaulo loti yafa. Kawirikawiri imakhala isanafe. Mwiniwake anapotokola mutu osadziwa, nayenda nayo ikuyaka mpaka batire kutheratu.

Mababu a infrared ofala alipo a mitundu iwiri, a ma nanomita 850 ndi a 940. A 850 amaunikira patali, koma munthu akayang'ana pagalasi penipeni amaona kakufiira kozilala, ngati khala lotsala m'phulusa. A 940 saoneka nkomwe pokhapokha mutayandikira kwambiri, koma makina ambiri oonera mumdima sawamva bwino, ndiye mtunda umafupika. Wolondera dimba poopa mvuu alibe chifukwa chobisira kakufiira kaja, ndipo ndimamuuza atenge 850. Amene akudikira anthu a mfuti m'tchire ndiye angalingalire za 940.

Payokha infrared ndi yopanda pake. Imafuna makina oiona. Makina ena ali ndi chubu chimene chimatenga kuwala kochepa kwa nyenyezi kapena mwezi n'kukuchulukitsa kambirimbiri, chithunzi n'kutuluka chobiriwira kapena chotuwa. Ena ndi kamera chabe yokhala ndi kasikirini mkati. Ndi otsika mtengo, koma popanda tochi ya infrared mumdima wandiweyani saona kanthu. Anthu amasokoneza mitundu iwiriyi ndi makina a thermal, oona kutentha kwa thupi. Awa tochi saifuna, ndipo ngakhale mutaiyatsa sangaione. Zonsezi si zadzulo. Pa nkhondo ya ku Okinawa mu 1945, asilikali a America anali kale ndi mfuti zokhala ndi nyali ya infrared, batire lake lolemera akulibereka kumsana. Lero ntchito yomweyo ikugwiridwa ndi kababu kochepera chikhadabo.

Chimene chimapha matochi ambiri ndi kukankha kwa mfuti. Ikalira, tochi yonse imabwerera m'mbuyo mwadzidzidzi pamodzi ndi mfutiyo, pamene batire, poti ndi lolemera, limatsalira. Likatsalira limalekana ndi pokhudza pake, tochi n'kuphethira kapena kusintha yokha mphamvu. Likagunda kutsogolo limaphwanya kabolodi kamagetsi. Tochi yopangidwira mfuti imakhala ndi sipuling'i mbali zonse ziwiri za batire, ndipo kabolodi kake kamamatidwa ndi guluu wolimba. Yapamsika ili ndi sipuling'i kumchira kokha. Ndikaitsekula ndimapeza kansonga ka batire katabonyoka, mtovu wowotcherera utang'aluka mozungulira mwendo wa waya. Mng'aluwo ndi wochepa moti umaoneka pokhapokha ndi galasi lokuza. Ndimachotsa mtovu wakalewo, kuwotcherera mwatsopano, kuika kasipuling'i kachiwiri, kenako kudontheza guluu pamwamba. Zikatero ndimamenyetsa mchira wa tochi pathabwa kangapo ikuyaka. Ikangophethira kamodzi, ndimaitsekulanso.

Nyengo yathu nayo siichitira chifundo. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo tochi yosiyidwa m'galimoto yotseka imaphika batire lake. Timphira totsekera madzi timauma n'kuthetheka. Dzinja likafika chinyezi chimalowera pomwepo, galasi n'kuchita nthunzi mkati, zitsulo zokhudzana n'kuyamba kubiriwira. Kachingwe ka switchi kamathyokera mkati pamene kamalowera kumchira, kunja kakuoneka kabwinobwino.

Za mabatire ndiye ndingalankhule mpaka dzuwa kulowa. Matochi ambiri otere amadya a CR123A, a mavoti 3 lililonse, osatchajika, ndipo pa golosale simungawapeze. Ena amalandira 18650, lotchaja, limene likadzaza limafika mavoti 4.2. Koma 18650 ndi lonenepa kuposa CR123A, moti m'matochi ena silikwana, ndipo ena opangidwira mavoti 6 amawala mofooka mukawaikira limeneli. Ndiye pali achinyengo. Batire la 18650 lenileni limasunga mphamvu ya cha pa 3500 mAh ikachuluka. Mukaona pachikopa palembedwa 9900, dziwani kuti wolembayo ananama. Linyamuleni: ndi lopepuka. Kutchaja nakonso ndi nkhani. Namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, magetsi anavuta kwa nthawi yaitali, ndipo amene anali ndi tchaja ya sola kapena yapagalimoto ndi amene anapitiriza kuona usiku.

Chomangira ndi mutu wina. Mfuti zamakono zili ndi kanjanji ka mano kotchedwa Picatinny, kamene muyezo wake asilikali a America anauvomereza mu 1995. Tochi imangokhala pamenepo n'kumangidwa ndi bawuti. Koma AK-47 yakale ilibe kanjanji, ndipo mfuti zikuluzikulu zophera mvuu nazonso zilibe. Pamafunika chopanira chogwira pampope. Ena amangomanga ndi malegeni. Sindiwaseka, poti malegeni amagwira zinthu zambiri m'dziko muno, koma mpope ukatentha mphira imafewa, tochi n'kuyamba kuloza kwina. Ndimapempha muyezo wa kunenepa kwa mpope, n'kusema chopanira, n'kuchiyesera pa paipi ya muyezo womwewo.

Tsono pali chinthu chimene ndimauza aliyense wobwera kudzatenga tochi yake, afune asafune. Tochi yapamfuti imaunika komwe mfuti yaloza. Mukamva kutswatswata m'nzimbe n'kuunikako ndi tochi imeneyi, ndiye kuti mwalozetsa mfuti pa chinthu chimene simunachidziwe. Mwina ndi nguluwe. Mwina ndi mayi wothamangitsa mbuzi yake yosochera. Yofufuzira ikhale yapamanja kapena yapamphumi. Yapamfuti iyake pamene mwadziwa kale kuti pali chifukwa cholozera. Ogulitsa amatamanda ma lumen ndi mamita, koma mfundo iyi ndi imene ine ndimaiona yaikulu.

Infrared imawonjezera chiyeso, chifukwa munthu amadziona ngati mfiti yoona ena osaonedwa. Chithunzi cha m'makina chilibe mitundu. Malaya ofiira ndi akuda akhoza kuoneka chimodzimodzi, ndipo nsalu ina yakuda imaoneka yoyera. Msodzi wowerama m'mabango, pa mtunda wautali, sasiyana kwenikweni ndi nyama yomwa madzi. Kutalika kwa mtunda nako kumanamiza. M'udzu wautali kuwala kumagunda mapesi apafupi n'kubwerera m'makina, kutsogolo kuli mbee, kuseri kuli bii. Nkhungu ya pamtsinje mu Juni, fumbi, utsi wa nzimbe zikamaotchedwa, ngakhale tizilombo touluka, zonse zimabweza kuwalako. Ndipo wina akakhala ndi makina ake, kapena kamera wamba yomva infrared, tochi yanu yobisikayo kwa iye ikuyaka poyera. N'chifukwa chake sindikonda matochi a infrared yokhayokha. Pakhale kuwala koyera pafupi ndi chala, koti munthu aone nkhope ndi manja a amene ali patsogolo pake. Pambali ya kuwala koyera ndimamata kadontho ka guluu kotukuka, kuti chala chizindikire mumdima osayang'ana. Ndimachenjezanso kuti asasuzumire pagalasi poyesa ngati infrared ikuyaka. Diso silitsinzina pa kuwala kumene silikuona, ndipo matochi ena amphamvu, makamaka a laser, akhoza kuliwononga.

Pa ng'ona, kunena zoona, tochi yoyera wamba imagwira bwino ntchito. Kuseri kwa diso lake kuli kachikopa kobweza kuwala, ndiye mukaunika pamadzi maso awiri amayaka mofiirira. Koma muyenera kuigwira pafupi ndi maso anu, poti kuwalako kumabwerera njira yomwe kwadzera. Mnzanu woima chapatali sangaone chimene inu mukuona. Mvuu ndiyo yovuta. Mu Meyi 2023 mvuu inagubuduza bwato lonyamula anthu oposa 30 pa Shire ku Nsanje, ndipo ambiri anamira. Zikachitika zotere mudzi umafuna mlenje abwere lero lomwe. Koma mvuu zili zambiri, ndipo kudziwa yolakwayo usiku ndi ntchito ya munthu wodziwa mtsinje ndi mapazi, osati ya babu.

Si onse obwera amene ndimawathandiza. Mnyamata wina anabwera ndi tochi yapamsika, nati ndimupangire chopanira cha paipi yopyapyala, yaitali.

"Paipiyo ndi ya chiyani, achimwene?"

"Aa, madala, ndi yoopsezera agalu kumunda."

"Agalu amaopa mwala. Bwerani ndi kalata ya kuntchito kwanu."

Sanabwerenso. Kusaka usiku popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo chisinthireni lamulo la nyama zakutchire mu 2017, milandu ikuluikulu imafika zaka 30 kundende. Koma si mantha a ndende okha. Wa gogodela amamanga tochi pachipumi ndi malegeni, nyama n'kuima chilili itathobwa m'maso. Ndikamupangira chopanira chabwino, mawa lake akakumana ndi mgemu amene tochi yake ndinakonzanso ine ndemwe.

Chimene chimandikanika ndi chubu cha makina oonera mumdima. Waya wothothoka, switchi, malo a batire odyeka ndi dzimbiri, zimenezo ndimakonza. Koma chubucho ndi chomata, mkati mulibe mpweya, ndipo chimagwira ntchito ndi mavoti masauzande. Wina akachiyatsa masana chosavindikira, kapena kuchiyang'anitsa nthawi yaitali pa nyali za galimoto, chimapsa madontho akuda osachoka. Kuno palibe pochitsekulira, ndipo zamakono zopangidwa ku America sizituluka m'dzikomo popanda chilolezo cha boma lawo. Ndikaona madonthowo ndimalemba pakapepala chimene chavuta, ndimakulunganso makinawo m'sokosi yake, ndipo ndalama ya kuyeza sindilipiritsa.