Mphwanga, Uyang'ane Mapu Usanalipire

St. Catharines, Ontario

Wokondedwa mphwanga,

Uthenga wako ndaulandira. Wachita bwino kuganiza zopita ndi mayi a kunyumba ku Niagara-on-the-Lake pokumbukira chaka chimodzi cha ukwati wanu. Za pogona wafunsazo utchere khutu, chifukwa ine zinandionekerapo.

Dzina la tauniyi limapusitsa. Chimene anthu amathamangira ndi kadera kakang'ono kotchedwa Old Town, pamene mtsinje wa Niagara umathira m'nyanja ya Ontario. Koma malire a tauni amafika kutali. Virgil, St. Davids, Queenston ndi Glendale, konseko keyala imati Niagara-on-the-Lake. Tikukhalabe ku Toronto, ndinaona chipinda chotchipa pa intaneti, dzina lili lomwelo, n'kulipiriratu ndikudzitama mumtima kuti ndatola nkhwangwa ndi mpini womwe. Titafika tinapeza tili pambali pa msewu waukulu wa QEW. Pawindo panali poimika magalimoto, usiku wonse mathiraki ali juu! juu! Nyanja inali ulendo wa pagalimoto. Azakhali ako sananene kanthu, ndipo iwe ukudziwa kuti akakhala chete mlandu wake umaposa wa kubwalo la amfumu.

Ndiye usanapereke khobidi lililonse, tsegula mapu, upeze nsanja ya wotchi imene ili pakati pa Queen Street, uone kuti kuchoka pa nyumbayo kukafika pamenepo wapansi ndi mphindi zingati. Zikapitirira 15, ndiye kuti tchuthi chanu chonse chidzakhala cha kiyi m'manja.

Nkhani ya kiyiyi ndikuikakamira dala. Kumeneko ndi kwa vinyo. Nyanja imachepetsa ukali wa chisanu, n'chifukwa chake mphesa zimachita bwino, ndipo kuyambira pamene Donald Ziraldo ndi Karl Kaiser anapatsidwa chilolezo chotsegula Inniskillin mu 1975, minda yachulukana. Pakhomo lililonse amakuthirira kapang'ono kolawa, kwina kanayi kwina kasanu, ndipo pofika munda wachitatu miyendo yapepuka usakudziwa. Iwe laisensi yako ikadali G2. Lamulo la Ontario limati wa G2 asapezeke ndi kadontho ka mowa m'magazi ali pa chiwongolero. Galimoto isiye pogona, mulipire aja amatenga anthu kuzungulira m'minda, madzulo mukadye poyenda wapansi.

Tsopano za nyumba zakale, zimene ndikudziwa kuti mayiwo adzazikonda. Tauniyi inali likulu loyamba la Upper Canada mu 1792, dzina lake lili Newark. Mu Disembala 1813 asilikali a America anaitentha pothawa, anthu n'kumanganso pa phulusa. Nyumba zina zimene lero zimagoneka alendo ndi za m'zaka zotsatira motowo, ndipo n'zokongola zedi. Komatu ukalamba suyenda wokha. Masitepe ndi opapatiza, chikepe mulibe, ndiye sutukesi umanyamula wekha mpaka pamwamba. Matabwa apansi amalira: ukadzuka usiku, nyumba yonse yadziwa. Imbira foni mwini nyumba, osangodalira zithunzi. Umufunse ngati bafa ndi chimbudzi zili m'chipinda momwemo, ngati muli makina oziziritsa mpweya (Julaye wa kuno amanyowetsa malaya ngati Nsanje), ngati pali poimika galimoto posalipira, komanso ngati ali ndi chilolezo cha tauni. Akakuuza kuti pawindo pamaoneka nyanja, umupemphe chithunzi cha windo lenilenilo. Safunsa anadya phula.

Chinanso chimene sakuuza n'chakuti m'nyumba zambiri zotere kadzutsa amadyera patebulo limodzi, pa ola limene mwini wakonza. Ine ndimakonda, poti ndi pomwe ndinamva kwa mayi wina wokalamba kuti malo abwino oonera dzuwa ndi Queen's Royal Park, pamene Fort Niagara ya ku America imaoneka tsidya lina ngati ungaigende ndi mwala. Koma inu a ukwati watsopano mwina simungafune kufotokozera alendo kumene kuli Malawi musanasukusule bwinobwino. Ngati ndi choncho, hotela ikuyenerani. Prince of Wales, ya njerwa zofiira ija ya mu 1864, mtengo wake ndi wa anthu a matumba akuya. Nzeru yanga ndi yakuti mukamweko tiyi masana, kugona mukagone kwina.

Masiku usankhe mochenjera. Zisudzo za Shaw Festival, zimene zinayamba mu 1962, zimadzaza tauni nyengo yonse yotentha, ndipo Lachisanu ndi Loweruka eni nyumba ambiri salola usiku umodzi, amafuna awiri. Ukapempha tchuthi pakati pa sabata, chipinda chomwecho chimatsika mtengo. Januwale ali ndi kukoma kwake, nthawi ya icewine, vinyo wotsekemera wa mphesa zothyoledwa zitaundana pa madigiri 8 pansi pa ziro, koma mayiwo chisanu chawo choyamba n'chomwe chapitachi, usawayese.

Mtengo wolembedwa pa intaneti si umene udzalipire. Pamwamba pake pamabwera msonkho wa HST wa 13 peresenti, ndipo malo ambiri amawonjezanso wa tauni. Uwerengenso kuti ukasintha maganizo amabweza ndalama mpaka tsiku liti, chifukwa ntchito yakoyo amakusinthira mashifiti mwadzidzidzi.

Pobwerera mudzere kuno, ndi panjira pomwe. Ufa ulipo, ndipo usipa wouma umene anabwera nawo a mpingo aja sitinauyambe. Ngati mudzapite mu Ogasiti, muime pa timisika ta m'mbali mwa msewu wa ku Virgil muwagulire azakhali ako dengu la mapichesi, olimba pang'ono, kuti asaphwanyike m'galimoto.

Ndine malume ako.