Kuno woweruza amadziwika ndi chipani chake

Mwezi wa Okutobala ukamatha, kuno ku South Bend, m'boma la Indiana, masamba amakhala atayoyoka ndipo mphepo imaluma makutu. Kwathu ino ndi nthawi ya dzuwa lophulitsa mutu, mango akuyamba kupsa, anthu akusosa minda kudikira mvula. Chaka chino cha 2020 kuzizirako kwafika limodzi ndi kampeni ya Donald Trump ndi Joe Biden, ndipo mtima wanga sukukhazikika.

Kampeni ya kuno ndi ya zikwangwani. Munthu amazika kachikwangwani ka dzina la amene akumufuna pakapinga, n'kulowa m'nyumba, n'kutseka chitseko. Mumsewu wathu muli nyumba ziwiri zoyang'anizana, ina ya Trump, ina ya Biden. Eni ake ankapatsana moni akamatulutsa zinyalala, koma masiku ano aliyense amayang'ana kumbali. Palibe nyimbo, palibe amayi ovala nsalu za chipani, palibe lole yodzaza anyamata oimba mpaka mawu kusasa.

Chimene chawayambanitsa kwambiri ndi khoti. Khoti lalikulu la dziko lino lili ndi oweruza 9, ndipo woweruza akakhala pampando amachokapo pomwalira kapena akafuna yekha. Amene amasankha ndi pulezidenti, ovomereza ndi aphungu a nyumba ya Senate. Woweruza Antonin Scalia atamwalira mu February 2016, Barack Obama anasankha Merrick Garland, koma Mitch McConnell ndi anzake a Republican anakana ngakhale kumuitana kuti amufunse mafunso, ati chisankho chili pafupi, anthu ayambe avota. Chaka chino Ruth Bader Ginsburg wamwalira pa 18 Seputembala, Trump n'kusankha Amy Coney Barrett, ndipo pa 26 Okutobala a McConnell omwewo amuvomereza ndi mavoti 52 kwa 48, kutatsala masiku 8 kuti anthu aponye voti. A Democrat akuti uku n'kuba mpando masanasana. A Republican akuti nthawi ija pulezidenti ndi Senate anali a zipani zosiyana, pano ndi amodzi, ndiye palibe cholakwika. Mayi Barrett ankakhala mumzinda mwathu muno, ankaphunzitsa zamalamulo payunivesite ya Notre Dame, choncho nkhaniyi yatilowera mpaka kukhitchini.

Kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito, nkhondo yonse ili pa rimoti. Agogo ena aamuna amafuna Fox News, agogo aakazi a mpando wapawindo amafuna CNN. Tsiku lina agogo aakaziwo anabisa rimoti m'thumba la njinga yawo ya olumala, n'kukhala phee ngati sakudziwa kanthu. Akuluakulu a pantchito anagamula kuti wailesi yakanema izionetsa zophikaphika basi. Anzanga ogwira nawo ntchito nawonso sayerekeza kutchula zandale. Wina akafuna kundifunsa maganizo anga amadikira tikafike poimika magalimoto, ayang'ane uku ndi uku, kenako anong'one.

Apa m'pamene ndimasowa kwathu. Ndimasowa minibasi ya ku Ndirande, mmene kondakitala, amayi a tomato ndi abambo a tayi amakangana za boma mpaka wina kupitirira siteji yake. Ndimasowa amalume anga awiri, wina wa Kongeresi, wina wa DPP, amene amatha kulozana zala pabawo, nsima ikabwera n'kusamba m'manja m'beseni limodzi. Wina amati, "Achimwene, chipani chanucho chinatha kalekale," mnzake n'kuyankha, "Idyani kaye, mukhute, muzinama bwino." Sindikunena kuti kwathu ndale n'zaulemu. Zionetsero za 2019 zinasiya masitolo ophwanyidwa ndi maliro. Koma mkangano wathu umachitika maso ndi maso, ndipo mawa lake mumakumana kudambwe, kutchalitchi kapena kumanda.

Amalawi tilipo ambiri ndithu kuno ku Indiana, ndipo pa 3 February 2020 ambirife tinagona mochedwa ndi kudzuka usiku, makutu ali pa wailesi za kwathu kudzera pa intaneti. Oweruza asanu, a Healey Potani, a Ivy Kamanga, a Redson Kapindu, a Dingiswayo Madise ndi a Mike Tembo, anawerenga chigamulo chawo tsiku lonse ku Lilongwe, n'kufafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019, cha tipeksi chija. Khoti la Supreme linagwirizana nawo mu Meyi. Boma litayesa kutumiza a Andrew Nyirenda, mkulu wa makhoti, kutchuthi chokakamiza mu Juni, khoti linaletsa, ndipo maloya anavala mikanjo yawo n'kuyenda mumsewu. Pa 23 Juni anthu anavotanso. Ndinalakalaka nditaima pamzere umenewo, chala chitada ndi inki.

Mnzanga wina wa kuno nditamufotokozera zimenezi, funso lake loyamba linali lakuti, "Oweruzawo anawasankha ndi pulezidenti uti?" Kuno funso limenelo ndi limene limayamba, chifukwa anthu amawerenga oweruza ngati mipando ya m'nyumba ya malamulo: 6 a uku, 3 a uko. Mlandu usanayambe n'komwe, aliyense amakhala atalosera kale chigamulo.

Kwathu pulezidenti amasankha oweruza motsatira malangizo a Judicial Service Commission, ndipo mkulu wa makhoti amafunika kuvomerezedwa ndi magawo awiri mwa atatu a aphungu. Zimenezi n'zolembedwa papepala chabe, zimagwira ntchito pokhapokha anthu akamazilondera. Inu amene muli kumudzi, kanganani mmene mungathere, m'minibasi ndi pabawo pomwe, koma boma lililonse limene lingabwere, kaya ndi la chipani chanu, musalilole kusandutsa oweruza kukhala anyamata ake.