Chilembo cha ŵ pa Laputopu ya Chitchaina

Ena mwa ife amene tikuphunzira zauphunzitsi tili ndi malaputopu ogwiritsidwa kale ntchito ochokera ku China. Mtengo wake unatikomera, koma Windows yake ndi ya Chitchaina, ndipo ya mtundu wa Home China siilola n'komwe kusintha chilankhulo cha pasikirini.

Vuto lenileni timaliona pokonza kaundula wa ana a sukulu. Tikatsegula mu Excel fayilo ya CSV yosungidwa mu UTF-8, "Malaŵi" amasanduka "Mala诺i". Si vayirasi ayi. Makina otere amawerenga zilembo motsatira GBK, code page 936, momwe ŵ mulibe. Mabayiti awiri a ŵ, C5 ndi B5, kwa iwo ndi chilembo 诺.

Mankhwala ake ndi osavuta. M'malo mongodina fayilo, timalowa ku Data, kenako From Text/CSV, n'kusankha 65001. Mawu a Chitchaina pasikirinipo timawamasulira ndi kamera ya foni.

Ena amatiuza kuti tingolemba w wamba, zithe. Ife tikukana. Mwana amene dzina lake lili ndi ŵ ayenera kulipeza pakaundula monga anamutchulira makolo ake.